Chilombo Chovala Magalasi

Nditamaliza mayeso a Fomu 4 ndinakhala pakhomo zaka mazana atatu, ngakhale kalendala imati miyezi inayi. Ntchito yanga inali kuperekeza bambo ku msika wa Tsoka, kumene amagulitsa nsapato za kaunjika, n'kumapukuta nsapato mpaka zala kuchita dzanzi.

Bambo anga sukulu sanapite nayo patali, koma pa nkhani ya masiku otsiriza panalibe wowaposa mu Old Town monse. Lamulungu lililonse mapemphero akatha ankapachika chinsalu chawo cha zithunzi za ulosi kutsogolo kwa tchalitchi n'kumaloza ndi kansungwi: kavalo uyu ndi njala, lipenga ili ndi nkhondo, nyanga iyi ndi mfumu yomwe ikubwera. Kalasi imeneyo ndiyo inali ulemu wawo wonse. Mkati mwa sabata anthu ankawaitana kuti a nsapato. Lamulungu ankati aphunzitsi.

Chinsalucho chinali chachikulu kwa ine pobadwa. Makoswe anali atadya mitu itatu ya chilombo chojambulidwa pamenepo, yotsalayo n'kumaoneka ngati mbatata. Poti ndimatha kujambula, bambo anagula nsalu yoyera ndi penti n'kundiuza zofunika: thupi la kambuku, mapazi a chimbalangondo, mitu isanu ndi iwiri, nyanga khumi. Ndinawafunsa kuti chimbalangondocho anachiona kuti. Anati ndisiye chibwana. Ndinafunsanso kuti nyanga khumi ndizigawa bwanji pa mitu isanu ndi iwiri, poti masamu ake sakugwirizana. Anati zimenezo ndione ndekha, iwo mbali yawo ndi matanthauzo.

Vuto linali nkhope. Nkhope zomwe dzanja langa limadziwa ndi zomwe ndinkajambula kuseri kwa kope ulaliki ukatalika, ndipo kwathu ulaliki umatalika mpaka khanda lomwe linalowa lili kumsana limatuluka likuyenda lokha. Ndiye mutu wachinayi unatuluka ndi dazi, masaya onona ndi kampata pakati pa mano. M'maso ndinazunguliza timizere tiwiri, tomwe mpaka pano ndimati ndi mawanga a kambuku. Pogawa nyanga, mutu umenewu unalandira ziwiri.

Mumpingo mwathu muli mkulu wampingo wina wa ku Area 47, wogwira ntchito ku banki ku City Centre, yemwe galimoto yake ikaima pakhomo pa tchalitchi kumbuyo kwake kumakhala kusanawoloke mlatho. Dazi ali nalo, masaya ali nawo, kampata kaja kaliponso, kuphatikiza magalasi. Kwa nthawi yaitali ankanena kuti kalasi ya ulosi imafunika munthu wowerenga mabuku komanso wokhala ndi pulojekita.

Bambo sanaone chilichonse. Iwo akayang'ana mutu saona nkhope, amaona ufumu. Atapachika nsaluyo Lamulungu, maso a tchalitchi chonse anathamangira pa mutu wachinayi. Kenako mayi wina wa kwaya anayamba kutsokomola chifuwa chabodza, ndipo chinafalikira mabenchi onse. Bambo anangoti ndi fumbi. Anafotokoza mutu woyamba, wachiwiri, wachitatu, maufumu omwe anagwa kalekale. Atafika pa wachinayi anaugogoda katatu ndi kansungwi kaja.

"Uwu ndiye wadyera. Sukhuta, ndipo maso ake ali pa mpando womwe si wake."

Mkulu uja anavula magalasi, mwina kuti asiyane nacho chilombo. Anthu anayang'ana nsalu, anayang'ana iye, n'kupeza kuti popanda magalasi ndiye akufanana kwambiri. Anatuluka osatsanzika.

Tsiku lomwelo akuluakulu ampingo anatiitana tonse awiri. Chigamulo chinali chachidule: bambo avomere kuti mwana wawo wamkazi wanyoza mkulu, ine ndigwade ndipepese pamaso pa mpingo wonse, nsaluyo iwotchedwe, basi kalasi ipitirire. Ine mawondo ndinali nditakonza kale, kugwada sikunaphepo munthu. Koma bambo anapempha kuti nsaluyo itambasulidwe, anaiyang'anitsitsa kwa nthawi yokwana kukhwimitsa chimanga, ndipo ndinaona kuti tsopano aona.

"Mwanayu wajambula zomwe ndinamutuma ine," anatero. "Ngati wina wadzipeza pachilombo, sindinamuikepo ndine. Nsaluyi sipsa."

Kalasi anawalanda pomwepo.

Pobwerera sitinakwere minibasi. Bambo anayenda patsogolo, nsalu kukhwapa, mpaka pamlatho.

"Iwe, unachita dala?"

"Ndi dzanja lokha, ababa."

Anayendanso pang'ono. "Bwenzi nyanga ziwirizo utapatsa mutu wina."

Nkhani inathera pomwepo. Kalasi ya Lamulungu tsopano ili ndi pulojekita, ndipo zilombo zake zimachokera pa intaneti, sizifanana ndi munthu aliyense. Bambo amakhala pa benchi lachitatu, manja ali pamawondo, ndipo palibenso yemwe amawaitana kuti aphunzitsi.

Nsalu ija anaimangirira pamwamba pa benchi lawo ku Tsoka, akuti yotchinga dzuwa. Munthu akakhala pansi kuti ayese nsapato amayang'ana kumwamba, ndipo akangofunsa kuti ichi n'chiyani, kansungwi kamatuluka. Ena amachoka atavala nsapato imodzi, atamva maufumu onse. Telala wachisilamu woyandikana nafe amalumbira kuti mutu wachiwiri ndi mlamu wake.

Mutu wachisanu ndi chiwiri, womwe uli ndi makutu akuluakulu, bambo amati ndi ufumu womwe sunafike. Amayi akabweretsa chakudya amauyang'ana, n'kuyang'ana makutu a bambo, n'kupita kukatsokomolera kuseri.