Ndinataya Khitchini Posirira Nkhwazi za Msuweni Wanga

Ndinasiya ntchito yomwe manja anga ankaidziwa chifukwa cha nsanje basi. Inu owerenga, musandiseke msanga, tamvani kaye.

Kwa zaka zambiri ndinali wophika pa loji ina ku Chikale, kuno ku Nkhata Bay. Nsomba ya batala ndikaiwotcha ine, alendo ankataya mafoloko n'kuyamba kunyambita zala. Koma dzina langa lenileni linafera m'khitchini. Kumsika, kudoko, ngakhale kutchalitchi, aliyense ankangoti "Ada Khukhi," ndiye kuti bambo wophika. Pamaliro anzanga akamapatsidwa zoyankhula, ine ankandilozera kumapoto. Zinkandiwawa, ndisaname.

Koma chondidya mtima kwambiri chinali msuweni wanga Yotamu. Iye ankatenga alendo a pa loji yomweyo pa boti kukawaonetsa nkhwazi. Akaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi inkatsika mumtengo n'kuikwatula, alendo m'manja phuphuphu! Pobwera ankamukumbatira, kujambulitsa naye, kumutchula dzina. Ine ndili pazenera la khitchini, maso ali psuu ndi utsi. Ndinkati mumtima, munthu wosatha n'kukazinga dzira lomwe atchuke chifukwa cha likhweru?

Ndinatsanzika ntchito. Mwini loji anandichonderera, mkazi wanga analira, koma ine makutu gwa. Ndinagulitsa munda wa chinangwa womwe bambo anandisiyira n'kugula boti lakale la injini. Yotamu atamva anabwera kunyumba. "Asuweni, tiyeni tiziyenda limodzi kaye, muone m'mene timachitira. Mbalame zija zimafuna kuzolowera munthu." Ndinamuyankha kuti kuponya nsomba sikufuna sukulu, asandinyoze. Kunena zoona, sindikanapirira kukhala pambuyo pake m'boti lake.

Ulendo woyamba ndinapeza alendo kudoko, tinanyamuka m'mawa. Nkhwazi tinaipeza ili mumtengo wake. Ndinaimba likhweru mpaka milomo kuuma, iyo kumangondiyang'ana. Ndinaponya nsomba, inamira. Ndinaponya ina, inamiranso. Sindinkadziwa kuti Yotamu amalowetsa kabango m'kamwa mwa nsomba kuti iyandame, kanthu koti akanandiuza tsiku lija anabwera kunyumba. Nsomba zitandithera, boti lake linatulukira. Likhweru limodzi lokha, mbalame yomwe ija inatsika. Alendo anga onse anandifulatira n'kumajambula boti la Yotamu. Mayo ine!

M'tawuni yaing'ono ngati ino nkhani sichedwa. Kumsika anayamba kunena kuti Ada Khukhi atopa kudyetsa anthu, tsopano akudyetsa nyanja. Alendo anasowa, kenako injini inafa. Botilo lili pamchenga mpaka lero, ana amabisaliranamo.

Njala itafika pakhomo ndinabwerera ku loji, manyazi ali m'maso. Ndinapeza munthu wina atavala epuloni yanga. Mwini loji anandilandira bwino, koma anati malo palibe, sangachotse munthu wosalakwa. Ndikutuluka, ndinamva mayi wina wachikulire, mlendo yemwe ankabwera chaka ndi chaka, akufunsa woperekera zakudya kuti wophika uja anapita kuti, poti batala wa palojipo sakukomanso ngati kale. Sananene kuti khukhi ayi. Anatchula dzina langa lenileni, ndi la bambo anga lomwe. Ndinabisala kuseri kwa mtengo wa mango mpaka atalowa m'chipinda chake.

Inu owerenga, kusintha ntchito si tchimo. Ngati mwatopa ndi dzina lomwe anthu anakupachikani, sinthani. Koma dzifunseni kaye: kodi ntchito yatsopanoyo mukuikonda, kapena akukuwawani ndi amene akuigwirayo? Ine nkhwazi sindinazikondepo, ndinkangofuna zomwe Yotamu anali nazo. Ndipo wokuposani akati bwerani ndikuonetseni, pitani, simufa nazo.

Masiku ano ndimawotcha nsomba m'mbali mwa msewu wa kudoko. Yotamu amabwera ndi alendo ake kudzagula kwa ine, mwina chifukwa cha chisoni. Akatsika boti amawauza kuti, "Tiyeni mukalawe za Ada Khukhi," ndipo ine ndimawayankha kuti bwerani.