A Lumo Atasiya Mapiritsi

Mumsewu mwathu tonse timangowatchula kuti a Lumo, poti akhala akumeta anthu zaka zoposa makumi awiri. Kachipinda kawo kali pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa zovala: mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona ndi benchi ya odikira. Kale anali munthu wanthabwala. Wadazi akalowa ankamufunsa kuti, “Lero tiyambire mbali iti, bwana?”

Mng'ono wawo atafa pangozi ya galimoto, nthabwalazo zinauma. Miyezi inayi chitseko chinali chotseka. Kuchipatala anawapeza ndi matenda okhumudwa n'kuwapatsa timapiritsi toyera, kamodzi m'mawa uliwonse. Anamwa zaka zitatu, ndipo makina ometera anayambanso kulira.

Tsiku lina achemwali awo aakulu, atabwera kudzacheza, anaona kabotolo pawindo.

“Achimwene, mpaka lero? Thupi lonseli mukudwala pati? Maliro tinalira tonse, ife bwanji sitikumwa?”

Mawuwo anawalasa. Achemwali atangochoka, a Lumo anakhuthulira mapiritsi onse m'chimbudzi, osauza ngakhale akazi awo.

Masiku awiri anadutsa bwinobwino. Tsiku lachitatu pansi panayamba kupendekeka. Akangosuntha maso kuchoka pamutu wa kasitomala kupita pagalasi, m'mutu munkathetheka ngati akhudza waya wamagetsi. Kenaka nseru, thukuta, ndi tulo todzuka nato otopa kuposa pogona. Chipeso chitagwa pansi anangoona misozi ikutsika. Kunyumba anakalipira mwana wawo wamkazi chifukwa chokoka mpando, mwanayo n'kusiya chakudya.

Sabata yachiwiri kunabwera aphunzitsi ena opuma ntchito, kasitomala wawo wakalekale. A Lumo ali pakati powongola mzere wa kukhutu, chinthu chija chinathetheka, dzanja n'kudumpha. Magazi anadonthera pakolala yoyera.

“Musadandaule, khutu ndili nalo lina,” anatero aphunzitsiwo, atagwira thonje.

Palibe anaseka. Anthu awiri a pabenchi anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita.

A Lumo anatseka masana omwewo. Akazi awo anawapeza atakhala pansi kukhitchini, msana atatsamira khoma.

“Abambo, kabotolo kaja kali kuti?”

“Ndinasiya.”

“Liti?”

“Papita masiku khumi. Ndiye ndikupenga tsopano, mayi.”

“Valani nsapato.”

Adokotala anawamvetsera mpaka kumapeto. “Simukupenga ayi. Thupi linazolowera, ndiye mwalilanda mwadzidzidzi. Kusiya n'kotheka, koma timachepetsa pang'onopang'ono, mwina miyezi ingapo. Mukanabwera tikanakambirana.”

Anawabwezera pamankhwala, ndipo patatha masiku ochepa pansi panakhazikika. A Lumo sanasangalale. Pobwerera anauza akazi awo kuti, “Ndiye kuti munthune ndine kapiritsi basi.” Akaziwo anangowagwira mkono powoloka msewu.

Kuyambira pamenepo akhala akutsika sitepe imodzi imodzi. Adokotala akachepetsa, pamabwera sabata yoipa, ndipo akazi awo amaizunguliza ndi cholembera pakalendala kuti onse m'nyumba adziwe. Sabata imeneyo a Lumo sakhudza lumo, amameta ndi makina okha. Anaphunzira kutembenuka thupi lonse m'malo moponya maso. M'mawa amayenda wapansi mpaka kumlatho n'kubwerera asanatsegule. Mkwiyo ukakwera amatuluka panja, n'kumaonerera wosoka nsapato akukhoma misomali mpaka mtima utsike. Kwa mwana wawo anapepesa, koma mwanayo akadali kuyenda monyang'ama bambo ake akakhala pabalaza.

Achemwali aja amaganiza kuti mankhwala anasiyidwa kalekale. Akamabwera, kabotolo kamalowa m'thumba la jekete.

Chimene chimawasautsa kwambiri, anandiuza tsiku lina, n'chakuti chisoni chikafika sadziwa mwini wake. “Kaya ndi cha mankhwala, chimene adokotala akuti chidutsa, kaya ndi changa chija chabwerera. Nkhope n'zofanana.”

Makasitomala ena anasamukira kwa ometa a kuseri kwa msika. Ine ndimapitabe. Sabata yatha anandimeta theka la mutu, n'kuzimitsa makina, n'kugwira mpando ndi manja awiri, maso ali otseka.

“Dikirani pang'ono, achimwene.”

Ndinadikira. Panja pankadutsa magalimoto. Patapita kanthawi anapukuta thukuta ndi thaulo, n'kundiweramitsa mutu kuti amalize kumbuyo.