Lamba Wakuda wa Amayi

Dzulo mdzukulu wanga anabwera kuchokera ku kalabu ya karate ku Woodlands akunyadira lamba wachikasu. Ine lamba wakuda ndinavala nditangophunzira milungu itatu.

Zinali zaka zija zofolera sopo pamzere. Tinkaphunzirira mu holo ya ku Kabwata, ndipo lamba wanga woyera sankachedwa kuda ndi fumbi. Amayi atatopa kuchapa anati, "Sopo nimaimilila ine, osati ba Sensei bako. Beve bavala ya kala bwanji?"

"Yakuda."

"Waona? Bali na nzelu."

Ananyika lamba wanga uja m'dayi wakuda wotsala pa zovala za maliro. Ine ndinkangoti ndawapitirira anzanga onse.

Nditafika nawo ku holo, ba Sensei, mphunzitsi wathu, sanakalipe. Anandiweramira mwaulemu, n'kuitana chimnyamata cha ku Libala chimene chinakhetsera thukuta lamba wakuda zaka zisanu. "Lelo wapeza munzako."

Chinandigwetsa katatu. Thukuta linasungunula dayi, yunifolomu n'kuda bii.

Kunyumba Amayi sanaone n'komwe mlomo wanga wotupa. Anaona yunifolomu. "Manje sopo nizaichosa kuti?"

Mwa awiri amene anandimenya tsiku limenelo, mpaka lero ndimati katswiri anali wopanda lamba uja.