A Davison ndi Ndere ya ku Japani

A Davison kwawo n'ku Ntcheu. Anabwera ku Joni mu 1996 ndi chikwama chimodzi ndi manja osadziwa kupuma. Ine Esnat ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ku Menlo Park, panyumba ya a Morita, banja la ku Japani lomwe linabwera ku Pretoria pa ntchito ya kampani ina ya magalimoto. Ine ndinali wa m'nyumba, a Davison a m'gadeni, ndipo a Kalimu a ku Machinga ankayendetsa galimoto. Atatufe tinkadyera mbale imodzi kuseri kwa garaja, n'kumakangana ngati ana a mimba imodzi.

Mdani wamkulu wa a Davison pa dziko lino anali ndere, ija yobiriwira yomera pa njerwa ndi pamiyala pamene pali chinyezi. Akaiona, nkhope inkasintha ngati akumana ndi munthu amene anawabera nkhuku. Bulashi ya waya sinkachoka m'thumba la ovolosi yawo. A Morita sankanenapo kanthu, poti nyumbayo inali ya lendi ndipo mwini wake ankafuna njerwa zoyera. Ankangoti, "Davison, bambo anga nawonso ndi munthu wa gadeni ngati iwe. Tsiku lina mudzaonane." A Davison mawu amenewa anawasunga mumtima. Ankadzitama kuti palibe bwana anawalozerapo chala kuti apa mwalakwitsa, ndipo chinkanditopetsa n'chakuti zinali zoona.

A Morita anabwerera kwawo mu 2004, ife n'kubalalika. Ine ndinapeza ntchito ku Garsfontein, a Davison ku Irene, a Kalimu anayamba geni ya nsalu. Chaka chotsatira kunabwera kalata. Mwana wa a Morita, Yumiko, yemwe ndinamuphunzitsa kukazinga mandasi, ankakwatiwa, ndipo anakakamira kuti ukwati suchitika popanda ife atatu. Matikiti a ndege anali momwemo.

Ku Japani tinachita manyazi ambiri, koma okoma. A Kalimu anaweramirana ndi wogulitsa m'sitolo ina mpaka msana kuwawa, poti aliyense ankafuna kuti womaliza kuwerama akhale iye. Ine ndinalowa pabalaza nditavala masilipasi a kuchimbudzi, anthu onse n'kuyang'ana kudenga mwaulemu. Nsomba yaiwisi a Davison anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandinong'oneza kuti, "Achemwali, kodi magetsi anazima?" Ku Nara tinaona agwape oyenda pakati pa anthu ngati mbuzi za pamsika, ndipo mmodzi anadya mapu a a Kalimu ali m'manja.

Yumiko anatizunguliranso m'akachisi a ku Kyoto. Ife tinkayang'ana madenga ndi mabelu akuluakulu, a Davison maso ali pansi. Miyala, masitepe, mizu ya mitengo, ponseponse ndere.

"Eish, kuno kulibe magadeniboyi?" ankadandaula. "Dziko la masitima othamanga chonchi, koma bulashi ya waya osaidziwa."

Tinkaseka. Poti ankalankhula Chichewa, Yumiko sanamve, ndipo ifenso sitinkadziwa kanthu za ndere ya kumeneko.

Tinkagona kwa agogo, bambo awo a a Morita, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu yosadziwa ngakhale liwu limodzi la Chingerezi. Kuseri kwa nyumba kunali kagadeni kawo: mtengo umodzi, miyala itatu ikuluikulu, nyali yosema pamwala, zonse zitakutidwa ndi ndere yokhuthala ngati bulangeti. A Davison atakaona anagwira pakamwa. Anawamvera chisoni agogo aja, kuti ukalamba wawalanda mphamvu ndipo ana awo sakuwathandiza.

Kwathu munthu sungadye za eni ake sabata yathunthu manja ali m'thumba. Ine ndinkatsuka mbale ngakhale ankandiletsa. A Davison anaganiza zothokoza mwa njira yawo, komanso ankafuna kuti nkhalambayo ione ndi maso ake kuti mwana wawo sananame za munthu wa gadeni wa ku Pretoria. Kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, anadzuka m'mamawa anthu tonse tili m'tulo. Bulashi ija anali atabwera nayo kuchokera ku Joni.

Ndinadzidzimuka ndi kukuwa kwa Yumiko. Nditatuluka ndinapeza a Davison ataima pambali pa nyali ija, thukuta lili kamukamu, akumwetulira kudikira kuyamikiridwa. Miyala iwiri inali mbee, nyali mbee, ndi theka la pansi pa mtengo lili dothi lokhalokha.

Agogo anatuluka ndi ndodo yawo. Anayang'ana, n'kuyang'ananso. Sanakalipe. Anawerama pang'ono kwa a Davison, n'kubwerera m'nyumba, n'kukoka chitseko mwakachetechete. Bola akanatukwana.

Yumiko anatifotokozera akulira. Ndere ija sinamere yokha. Agogo anaibzala ndi malemu akazi awo zaka makumi anayi zapitazo, akuithirira tsiku ndi tsiku, akuichotsa masamba ndi zala. Kwawoko ndere ndiye ulemerero wa gadeni. Zithunzi za ukwati zinayenera kujambulidwa pomwepo, kuti agogo aakazi akhalepo nawo.

Sindinawaonepo a Davison atafota chonchija. Anakhala pa sitepe, bulashi ili pansi, osadya, osamwa tiyi. Ine mtima unandiwawa, komanso ndinakwiya nawo, chifukwa akanangofunsa.

"Achimwene, mwagwira ntchito ya zaka fote pa maawala awiri. Ku Joni akanakupatsani bonasi," anatero a Kalimu, kuyesa kuwaseketsa.

"Musandiseke, a Kalimu. Ndiperekezeni ku eyapoti. Ine nkhope yoonetsa pa ukwati ndilibe."

Chakumasana Yumiko anabwera ndi funso lochokera kwa agogo: ndereyo mwaitaya kuti?

A Davison, ngakhale anali pa manyazi, funsolo linawanyoza.

"Kutaya? Ine sinditaya zinthu zobiriwira, mwana iwe. Ndimati ikhale manyowa. Ili m'thumba la mpunga kuseri uko, pamthunzi, ndaiwazanso madzi."

Agogo anapita okha kukatsegula thumbalo. Anatulutsa chibenthu chimodzi, n'kuchinunkhiza, n'kuchitembenuza. Kenaka analoza a Davison ndi ndodo, n'kuloza pansi. Chilankhulo chimenecho aliyense amachimva.

Masiku awiri amenewo ine ndi a Kalimu tinapita kukaona nyumba yachifumu yakale ndi msika wa nsomba, koma a Davison sanatuluke pageti. Anagwada ndi nkhalamba ija, akubwezeretsa ndere kachidutswa kamodzikamodzi ndi timitengo timene amadyera chakudya kwawoko. Akadinikiza kwambiri, agogo ankawamenya padzanja ngati mwana wa sukulu. Munthu amene sanalozeredwepo chala ndi bwana aliyense anamenyedwa padzanja mwina kakhumi, ndipo ulendo uliwonse ankati, "Zikomo, agogo." Tsiku lachiwiri ndinawamva akuseka awiriwo, wina m'Chijapani wina m'Chichewa, sindikudziwa kuti ankaseka chiyani.

Zithunzi zinajambulidwa pomwepo. Kunena zoona gadeniyo inkaoneka ngati mutu wa mwana wodwala zipere. Koma agogo anakoka a Davison pa jekete kuti aime pambali pawo, onse awiri zikhadabo zili zobiriwira.

Tsiku lonyamuka, tili pakhomo kuvala nsapato, agogo anatambasula dzanja kwa a Davison. Iwo anaganiza kuti ndi moni, koma nkhalambayo inapukusa mutu n'kuloza thumba la jekete. Inkafuna bulashi ya waya. A Davison anaipereka ndi manja awiri. Agogo anaiika m'thumba lawo ngati wapolisi walanda mpeni, kenaka anatulutsa katsache kakang'ono kansungwi, kogwirira kake katada ndi thukuta la zaka zambiri, kamene ankasesera masamba pa ndere. A Davison analira pamaso pa anthu onse, ndipo ine sindinawaseke.

Agogo aja anamwalira mu 2008. A Davison anapitiriza ntchito yawo ku Irene, udzu wometedwa bwino, njerwa zoyera monga kale. Koma kuseri kwa kachipinda kawo, pansi pa mpopi wodontha, anaikapo mwala umodzi, ndipo patapita nyengo ziwiri za mvula unayamba kubiriwira. Lamulungu lina ndinapita kukawaona, ndipo ndili pomwepo abwana awo aakazi anadutsa n'kuuona mwalawo.

"Davison, chonyansa ichi n'chiyani? Uchipale mawa."

A Davison anavula chipewa. Zaka zonse zimene ndawadziwa, sindinawamvepo akukana lamulo la bwana.

"Madamu, njerwa zonse za panyumba pano ndipala, ngakhale kawiri pa tsiku. Koma mwala uwu ayi. Uli ndi mwini wake."

Anatenga katsache kaja pamsomali, n'kugwada, n'kuyamba kuchotsa masamba.