Mkamwini Anadula Mitu ya Kanjedza

Anthu amawatchula kuti a Minga, chifukwa manja awo ndi zipsera zokhazokha. Ntchito yosamalira maluwa pahotela anaiyamba ndevu zisanamere. Mitengo ya kanjedza imene inandandalika kuchokera pageti mpaka pakhomo lalikulu anaifesa okha m'zitini za penti, ndipo mvula ikavuta ankaithirira madzi otsala kochapira. Kanjedza sathamanga kukula. Mwana wawo wamkazi anabadwa, anakula mpaka kukwatiwa, mitengoyo n'kuti itangopitirira denga.

Mkamwini wawo atakhala paulova, mkazi ali woyembekezera, a Minga anakamupemphera ntchito kwa abwana. Anali mnyamata wamphamvu, wozolowera kudulira mitengo yamthunzi m'misewu. Koma kumuphunzitsa ndiye kunawakanika. Mkamwini ungamuuze bwanji kuti "gwira apa, siya apo" ngati kamwana? Nayenso ankachita manyazi kufunsa. Ankangolonjerana mwaulemu, aliyense n'kutenga khasu lake.

Nthawi ina bondo linawatupa, akulephera ngakhale kuponda pansi.

"Akamwini, mukadulireko akanjedza aja, ayamba kuoneka nyankhalala."

"Musadandaule bambo, kudulira ndiye kudya kwanga."

Iwo ankanena masamba ouma am'munsi. Atachira n'kubwerera kuntchito, anapeza mzere wakutsogolo uli njo ngati mapolo amagetsi. Mkamwini anali ataidula mitu kuti iphukire bwino. Komatu kanjedza amakulira kunsonga kokha, ukadula pamenepo ndiye kuti wapha.

"A Minga, mwaimeta mpala chonchi, ikukayamba sukulu?" anatero mlonda wapageti, akuseka chikhakhali.

Abwana anawaitanitsa onse awiri. Mkamwini anangoti zyoli, akupotokola chipewa m'manja. A Minga anaganiza za mwana wawo, miyendo itatupa, akudikira mwamuna ndi kathumba ka ufa.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndinamutuma ndine, bwana. Iyeyu anangomvera."

"Inu? Zaka zonsezi?"

"Ukalamba, bwana."

Abwana anawauza a Minga kuti mwezi ukatha akapume pantchito.

Mkamwini akugwirabe ntchito, ndipo akuti tsopano amafunsa ngakhale podzala udzu. A Minga amaswera pakhomo kulera mdzukulu. Anzawo akale akawafunsa ngati n'zoona kuti katswiri ngati iwo analamula zimenezo, amavomera ndi mutu, n'kuyamba kukamba za bondo. Popita kumsika amadzera njira yakuseri yodutsa kotayira zinyalala, ngakhale ndi yotalika, kuti asaone zitsa.