Dzanja Limene Linakoka Chiwongolero

Amuna anga anayendetsa malole moyo wawo wonse, ndiye ine nditaphunzira galimoto kuukulu kuno sanandipatse mtendere. Akakhala pambali panga, dzanja lawo lamanja silinkatalikira chiwongolero. Ndikangoti ndipatuke pang'ono kuzemba dzenje, iwo gwi, kukokera kwawo. "Mayi, msewu si khonde lanu," ankatero. Ine ndinkapsa mtima, n'kuwauza kuti ngati akudziwa kwambiri atsike akakwere kabaza. Tinkafika kutchalitchi tisakuyankhulana.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mmawa wina anagwa akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba, ndipo sitiroko inawatengera mbali yonse ya kumanja pamodzi ndi pakamwa. Achipatala cha mishoni anati tizibwera ku mafizo kudzawongola ziwalo sabata iliyonse, dzanjalo mwina lidzadzuka, mwina ayi. Ine ndinangogwira mwina woyambayo, ndiye amene ndinkadzuka naye mmawa.

Mwana wathu wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Joni, anatibweretsera galimoto ya magetsi, ati yakale ija idzatifera panjira tili ndi wodwala. Anandisonyeza potchajira ndi poyatsira, n'kubwerera mothamanga. Sindinaikonde. Yakale ija inkabuma, moti chete wa amuna anga sankamveka. Mu iyi tinkatsekeredwa awiriwiri, magalasi otseka kuopa fumbi, ine n'kumangomva kupuma kwawo kuchokera kwathu kwa Mpama mpaka pachipata cha chipatala. Kudimba ndinasiya, kubungwe la amayi ndinasiya, pamaliro ndinkangokaonekera n'kuthawa. Moyo wanga unatsala nyumba, galimoto, chipatala. Ndinatopa, ndinene zoona, ndipo masiku ena ndinkakwiyira munthu wodwala.

Ndinkayenda pang'onopang'ono nthawi zonse, mpaka ma minibasi ankandiimbira huta. Koma tsiku lina tinachedwa chifukwa magetsi anazima batire isanadzadze, ndiye titalowa mu tala n'kudutsa pa Njuli, ndinaponda. Kutsogolo kunali bambo wina wapanjinga, atamanga matumba a makala mopingasa, akugwedezeka nawo. Ndinayang'ana, kunalibe galimoto yobwera, kumbuyo kulibenso. Indiketa ndiyatsire ndani? Ndinangokhotetsera kumanja kuti ndimupatse malo, matayala n'kuponda mzere woyera wapakati uja.

Chiwongolero chinanjenjemera m'manja mwanga, kenako chinakokera kumanzere, kumene kunali njingako.

"Abambo, siyani chiwongolero!" ndinakuwa, n'kukoka mwamphamvu. Tinamudutsa wamakala uja pafupi kwambiri, ndinamva akutukwana.

Nditayenda pang'ono m'pamene mawu anga omwe anandifika m'mutu. Ndani wakoka? Ndinaimika pambali pa msewu ndisanayang'ane n'komwe, chifukwa ndinkaopa kuyang'ana. Mumtima ndinali nditayamba kale kuthokoza Mulungu kuti dzanja lija ladzuka, ndipo ladzukira pa ntchito yake yomwe ija yondisowetsa mtendere.

Dzanjalo linali pa ntchafu, pa kathawulo pamene ndinaliika pochoka kunyumba, zala zitapindika monga mwa masiku onse. Ndinalitenga. "Tandifinyani, abambo. Pang'ono pokha." Ndinadikira. Linali lofunda, lolemera, basi. Iwo anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti amva zonse zimene ndinaganiza. Misozi inatsika m'diso lawo lakumanzere. Ndinawapukuta ndi kathawulo komweko, tinapitiriza ulendo, ndipo ku mafizo sindinauze munthu.

Madzulo ndinamuimbira mwana uja n'kumufotokozera za chiwongolerocho. Anaseka. "Amayi, galimoto imeneyo imaona mizere. Mukathamanga n'kuponda mzere musanayatse indiketa, imaganiza kuti mwasinza, ndiye imakubwezerani. Muziyatsa indiketa, imakusiyani. Kapena ndikuuzeni pozimitsira?"

"Iwe," ndinatero, "unandisiyira galimoto yokhala ndi khalidwe la abambo ako osandichenjeza? Tikanapha munthu lero."

Anapepesa, nayamba kufotokoza batani lake pamene lili. Ndinamudula, ndinati batire ya foni ikutha. Sinali ikutha.

Tsopano ndikafuna kudutsa njinga ndimayatsa indiketa, ngakhale msewu ukhale wa ine ndekha. Dzanja lija silinadzuke, ndipo achipatala anasiya kunena za mwina. Timapitabe, awiriwiri, magalasi otseka. Koma pali malo ena owongoka tikadutsa pa Njuli, ndipo ndikaona kuti kulibe galimoto, kulibe njinga, kulibe mwana wa sukulu, ndimaponda pang'ono n'kusendera ku mzere uja dala. Chiwongolero chimanjenjemera, chimandikoka.

"Ndamva, abambo," ndimatero. "Msewu si khonde langa."

Mbali ya kumanzere ya pakamwa pawo imasuntha pang'ono, ndipo timapitiriza ulendo.