Ulendo wa ku Dar umene ndinabisira apongozi

Inu owerenga, pamene ndikulemba pano mkazi wanga ali gone m'chipatala, ndipo mwana amene tinkayembekezera watisiya asanaone dzuwa. Palibe wandilodza, palibe dokotala walakwitsa. Ndine ndekha. Anandifunsa funso losavuta, ine n'kuyankha bodza chifukwa apongozi anga anali ataima pambali panga. Ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti kuno ku London alipo anyamata ambiri otopa ndi lendi komanso kuzizira, amene akulota zothawira kotentha, mitu yawo ili yowira ngati wangawu.

Ine ndinabadwira ku Nsanje. Kuno ndinabwera ndili wamkulu kale, kutsatira bambo anga. Sukulu sindinamalize. Mphunzitsi wina anaseka kalankhulidwe kanga, ine ndinaponya mpando kukhoma n'kutuluka, osabwereranso. Mtima wapachala ndili nawo, sindikana. Ntchito yanga ndi yoyendetsa vani, kusiya katundu m'makomo mwa anthu. Mkazi wanga Tiyamike, amene timangomuti Tiya, anabwera kuno ali wakhanda. Chichewa amachimva bwinobwino, koma akakwiya amayankha m'Chingerezi. Amayi ake, apongozi angawo, ndi nesi ku Romford, ndipo chiyambire sanandionepo ngati mwamuna woyenera mwana wawo. Sananene poyera ayi. Ankangondifunsa mwaulemu, tiyi ali m'manja, kuti, "Apongozi, za kukoleji zija munaziganiziranso?"

Tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Barking, khitchini ndi bafa tikugawana ndi anthu osawadziwa. Khoma la kuwindo linali lakuda bii ndi chinyezi, hita yotenthetsera m'chipinda tikuyatsa mwamantha poopa mtengo wa magetsi. Tiya atakhala ndi pakati, mwini nyumba anatiuza kuti chipindacho si cha anthu atatu. Ndinayendayenda kufuna kwina, koma paliponse lendi yake inali yoti munthu uzigonera ku ntchito, mwana wako kumangomuonera pa foni.

Ndiye pali mnzanga wina amene tinakulira limodzi, amakhala ku Dar es Salaam. Amatulutsa magalimoto padoko n'kuwayendetsa kupita kumudzi. Ankanditumizira zithunzi ali ndi kabudula yekha pakhonde la nyumba yonse yakeyake, nyanja ili chapoteropo, n'kumandifunsa kuti ndikufera chiyani m'firiji muno pamene dalaivala ngati ine kumeneko ndi bwana. Zinandilowa. Ndikamakwera masitepe ndi makatoni a anthu, zala zitauma gwa, m'mutu mwanga munali Dar yekhayekha.

Tiya anavomera kuti tikaone kaye. Koma nditaitchula nkhaniyi kwa apongozi, anayankha kuti mwana wawo sakachirira kumene iwo kulibe, ndipo munthu wanzeru sasiya chipatala n'kumatsata dzuwa. Mawu oti wanzeruwo anandibaya. Ndinamenya tebulo mpaka makapu kugwa, ndinatuluka osatsanzika. M'sitima pobwerera ndinalumbira kuti tipita basi, iwo adzamva tili kale uko.

Tinawanamiza kuti tikukacheza ku Leeds kwa msuweni wanga. Tisananyamuke, Tiya anandipempha kuti akaonane ndi dokotala, akafunse za mankhwala oteteza ku malungo oyenera mayi woyembekezera. Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti azimayi a kutchalitchi kwa amayi ake adzaza m'zipatala zonse za kuno, akangoponda pakhomo ndiye kuti nkhani yafika kale ku Romford. Ndinadzitamanso kuti ine ndine mwana wa ku Nsanje, udzudzu ndinkagona nawo, malungo ndinkadwala chaka ndi chaka n'kudzuka kukamenya mpira. Sindinaganize kuti thupi la Tiya silinakumanepo ndi malungo chibadwire, ndiponso kuti munthu wapakati amamugwira moipa kuposa wina aliyense.

Ku Dar kunali bwino, ndisaname. Tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi khitchini yathuyathu. Tiya ankavula nsapato n'kumayenda m'mphepete mwa madzi, mapazi ake otupa aja akupepukidwa. Ankaseka kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Neti pabedi inalipo, koma kunkatentha, ine ndinkaikwinyira m'mwamba kuti kamphepo kazitipeza. Tinabwerera ku London osangalala, kuti tidzalongedze katundu ndi kutsanzika ku ntchito.

Pasanapite nthawi Tiya anayamba kumva mutu ndi kunjenjemera. Inali nyengo yozizira, m'basi aliyense akutsokomola. Ndinati ndi chimfine cha kuno, ndipo ndinachita kukondwera kuti nawu umboni woti dziko lino silikutifuna. Ndinamugulira panado ndi mandimu. Thupi linkatentha, kenako n'kuzizira, n'kutenthanso. Likazizira ndinkamuuza kuti waona, wachira.

Lamlungu masana apongozi anatulukira akuchokera kutchalitchi. Atamugwira pachipumi nkhope yawo inasintha. Anandiuza kuti ndiimbire azaumoyo pompo, ndiike foni pa sipika kuti nawo azimva. Mayi wa pafoniyo anafunsa izi ndi izo, kenako anafunsa ngati wodwalayo anatulukapo m'dziko muno posachedwapa.

Inu owerenga, chipinda chija n'chaching'ono. Apongozi anali ataima pafupi nane, chikwama chawo chili m'manja. Tiya anandiyang'ana ali chigonere, milomo itauma. Koma ine m'mutu mwanga sindinaone mkazi wanga. Ndinaona nkhope ya apongozi akumva kuti mnyamata wosaphunzira uja anazembetsa mwana wawo wapakati kupita naye kutsidya la nyanja. Ndinayankha kuti ayi. Tiya anatsegula pakamwa, ine ndinamuponyera diso limene amalidziwa, iye n'kutseka.

Popeza anali woyembekezera, anatiuza kuti tipite kuchipatala akamuone tsiku lomwelo. Apongozi anatiperekeza. Kumeneko funso lija linabweranso, ine ndinathamangira kuyankha Tiya asanapume n'komwe. Anamuyeza zimene amayeza munthu amene sanachoke ku England, anamvetsera mtima wa mwana uli kugunda bwinobwino, anatipatsa mankhwala n'kutiuza kuti zikasintha tibwerere msanga. Alibe mlandu anthu aja. Anafufuza kumene ine ndinawalozera.

Titatsala awiri kunyumba, Tiya anandigwira dzanja. "Iwe, tiwauze amayi. Ndikuopa. Ichi si chimfine."

"Ukufuna andiseke eti? Ukufuna anene kuti ananena?"

"Akuseke, nanga ufa? Ine ndi amene ndikumva kupweteka."

Ndinamenya chitseko ndi phazi mpaka woyandikana nafe anagogoda khoma. Tiya anatembenukira kukhoma. Mmawa mwake ndinamusiyira madzi pampando n'kupita ku ntchito. Mawa lakenso chimodzimodzi.

Foni inandipeza ndili ndi katoni m'manja pakhomo la munthu. Anali mayi wa chipinda choyandikana nafe, akuti wamupeza Tiya atagwa pakhomo la bafa, maso ali achikasu, akulankhula zosamveka, ndipo ambulansi yamutenga. Vani ndinaisiya pomwepo. Nditafika kuchipatala ndinakuwa m'khonde ngati wamisala kuti tinali ku Dar, muyezeni malungo, chonde muyezeni malungo. Anayeza. Anali malungo, atalowerera kale mpaka ku impso ndi kumutu.

Apongozi anafika ali m'yunifolomu, atathawa pa shifiti. Ndinkayembekezera mbama, mwina ikanandipepuza. Koma anandiyang'ana n'kulankhula motsitsa mawu.

"Apongozi, ine odwala malungo ndinawasamalira kumudzi inu musanabadwe. Mukanangondikokera panja n'kundinong'oneza. Ndikanakutukwanani, inde, mpaka kutopa. Koma mwana wanga bwenzi lero akuyenda."

Ndinagwada pasimenti anthu akudutsa. Iwo analowa m'wodi.

Mwana sanapirire. Anali wamkazi. Zonse zinachitika Tiya ali chikomokere, makina akumupumira, ena akumutsukira magazi. Ine amene ndinakwinya neti uja sindinamve ngakhale mutu. Dokotala anandiuza kuti ndinangochita mwayi, chifukwa mphamvu yolimbana ndi malungo imene thupi limakhala nayo ukamakhala kumalo a udzudzu imatha ukakhalitsa kuno. Ndiye kudzitama kwanga konse kuja kunali kopanda pake.

Dzulo Tiya watsitsimuka. Akulankhula pang'onopang'ono, ndipo madokotala sakulonjeza kuti impso zake zibwerera mwakale. Iye akuganiza kuti mwana ali kuchipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Wafunsa kale ngati akuyamwa, ngati wafanana ndi ndani. Apongozi apempha madokotala kuti nkhaniyi aimve kwa achibale, kenako anditulutsira panja n'kundiuza kuti iwo samuuza, ndikamuuze ndine.

Abale anga, kufuna kuchoka kuno si tchimo. Lendi ya ku London ikhoza kumupengetsa munthu, ndipo amene wapeza kotentha kotchipa, apite. Koma musapite mozemba ngati mbava. Mukanganepo ndi akuluakulu, atukwane, mutukwanidwe, koma adziwe kumene mwapita. Musanakwere ndege kaonaneni ndi dokotala, makamaka ngati mkazi kapena ana anu anakulira kuno. Musanene kuti ndine wakumudzi, malungo ndimawadziwa. Ndipo mukabwerako, wina thupi likatentha, chinthu choyamba kunena kuchipatala ndi kumene munali, ngakhale amene mumamuopa kapena kudana naye ataima pomwepo. Ngati muli ndi mkazi amene amatseka pakamwa mukamuyang'ana, musamati ndi ulemu. Tsiku lina adzatseka pa chinthu chofunika moyo wake.

Ine ndakhala pabenchi panja pa chipatala chiyambire mmawa. Ndayesa kukonza mawu m'Chichewa, ndayesa m'Chingerezi, onse akukanika. Nthawi yoonera odwala yatsala pang'ono kukwana. Amene mumapemphera, musandipempherere ine. Mupempherereni Tiyamike, kuti mtima wake upirire zimene ndikukamuuzazi.